Makapisozi a ku Joni

Phukusi linafika pa basi ya ku Joni Lachinayi lina m'mwezi wa Meyi, ndipo ndinakalilandira ndekha kwa kondakitala ku depoti ku Lilongwe. Munali nsapato za ana, mafuta odzola a amayi, ndi kabokosi kokulungidwa tepi wambirimbiri ngati muli ndalama. Pamwamba pake achimwene analembapo ndi bolopeni: "Za abambo. Kamodzi pa tsiku."

Mawu asanu amenewo ndiwo malangizo onse amene anawoloka malire pamodzi ndi mankhwalawo, ndipo ine sindinawonjezerepo kanthu. Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Ntcheu, ndinapereka kabokosiko m'manja mwa amayi, n'kubwereza mawu omwewo. Ndinadya nsima ya nkhwani wotendera, madzulo ndinali nditabwerera kale m'tauni. Ndine mphunzitsi, Chingerezi ndimawerenga tsiku lililonse, ndiponso ndili ndi mphumu, moti pampu yangayanga siichoka m'chikwama. Koma pepala lopindapinda limene linali m'kabokosimo sindinalitambasule n'komwe.

Papita nthawi tsopano, koma nkhaniyi ikukana kundichoka m'mutu. Bola ndiilembe.

## Chifuwa cha abambo

Abambo anapita ku Theba mu 1979. Anagwira ntchito pansi m'migodi ya golide cha ku Welkom mpaka 1987, kutatsala pang'ono kuti Amalawi asiye kutengedwa. Anabwerako ndi njinga, wailesi ya makaseti, jekete lachikopa limene alipobe nalo mpaka lero, komanso fumbi la miyala m'mapapo. Pa fumbilo anawonjezapo chingambwe cha zaka zoposa 30, kenako TB mu 2006. Mankhwala a TB anamaliza onse bwinobwino, koma chifuwa chawo sichinabwererenso mwakale.

Kuchokera kudimba kufika pakhomo pathu pali kachitunda. Kale ankakakwera atasenza mtolo wa nzimbe. Kenako anayamba kuima kawiri panjira. Kenako kanayi. Akaima ankayang'ana m'munda mwa anthu ngati akuyendera chimanga, manja m'chiuno, kuti wodutsa asaone kuti abanika.

Nditawatengera kwa dokotala wina ku Lilongwe, anawapatsa chubu kuti auziremo mpweya ndi mphamvu zawo zonse, katatu kapena kanayi, mpaka misozi inalengeza. Dzina limene tinatuluka nalo ndi COPD. Dokotala anati njira za mpweya m'mapapo mwawo zinachepa ndipo sizidzatsegukanso zonse, kusiyana ndi mphumu yanga imene imatseka n'kumasulanso. Pampu yabuluu ya salbutamol, ija ambiri timangoti Ventolin, anati apitirize kuyenda nayo. Imeneyo imagwira m'mphindi zochepa, koma pakatha maola 4 kapena 6 yatha mphamvu. Chimene chinkafunika ndi mankhwala ogwira nthawi yaitali, oti njirazo zizikhala zotsegukako usana ndi usiku. Analemba dzina lakuti tiotropium, n'kutichenjeza kuti kuchipatala cha kwathu n'zovuta kuwapeza ndipo m'mafamase ndi odula.

Ndikhulupirira kuti dokotala uja ananenanso zina. Ndikukumbukira kuti ankalankhula, ine ndikugwedeza mutu. Koma maganizo anga onse anali pa mtengo, ndikuwerengetsera malipiro anga. Titangotuluka ndinajambula pepalalo n'kutumizira achimwene pa WhatsApp. Iwo anati, "Zisiye kwa ine, mlongo."

## Masabata atatu a phala

Patatha masabata atatu amayi anaimba.

"Mankhwala a ku Joni aja sakugwira ayi. Kapena anasukuluka ndi dzuwa m'njira?"

"Akumwa bwanji, amayi?"

"Monga unanenera. Kamodzi pa tsiku, m'mawa, ndi phala."

Ndinakhala chete kanthawi. Ndinafunsa ngati m'bokosimo munalibe kanthu kena kapulasitiki. Anati kanalimo, kotuwa, kooneka ngati dzira la bakha, ndipo adzukulu akuseweretsa.

Ndinaseka, amayinso anaseka nditawafotokozera. Komatu ndani angawanene? Munthu wakula akudziwa kuti kapisozi ndi womeza. Palibe anawauza kuti pali makapisozi ena amene sapita m'mimba, amene ntchito yawo n'kungosunga ufa woti ukokedwe ndi mpweya kulowa m'mapapo. Kapisozi wotere ukameza, pafupifupi mankhwala onse amangodutsa osagwira ntchito. Makapisozi 21 anapita choncho, ndalama za achimwene zogwirira ntchito yomanga padzuwa.

Loweruka lotsatira tinakhala pamkeka pakhonde, kachipangizo kaja titakalanda kwa ana n'kukatsuka. Ndinali nditaonera kavidiyo m'minibasi. Kutsegula chivundikiro. Kung'amba kathumba ka kapisozi mmodzi yekha, nthawi yomweyo yogwiritsa ntchito, chifukwa akakhala pamtunda amakoka chinyezi. Kumuika m'kabowo, kutseka, kudina batani kamodzi kuti aboole. Kutulutsa mpweya wonse kumbali, osati m'kachipangizomo. Kenako milomo pakamwa pake, kukoka mpweya pang'onopang'ono koma mozama mpaka kapisoziyo amveke akunjenjemera m'katimo, kugwira mpweyawo kanthawi, n'kubwerezanso kachiwiri pa kapisozi yemweyo.

Abambo atamaliza anatsegula n'kumuyang'anitsitsa kapisozi wopanda kanthuyo.

"Ufa wochepa chonchi, mayi, ungachize munthu wamkulu?"

Anali ndi mfundo. Mankhwala enieni m'menemo ndi ma microgram 18 okha, oti ndi maso sungawaone. Ufa wina wonsewo ndi shuga wa mumkaka wongonyamulira. Koma pasanathe masabata awiri amayi anaimbanso, mawu ali m'mwamba: abambo akwera kachitunda kaja n'kuima kamodzi kokha. Achimwene anatumiza timanja topemphera pagulu la banja. Ine ndinadziona ngati ndamaliza ntchito yanga.

## Kachigubu ka madzi

Chinayamba ndi kukamwa. Abambo anayamba kuyenda ndi kachigubu ka madzi paliponse, ngakhale kutchalitchi. Nsima ankaimeza movutikira pokhapokha ndiwo zikhale za msuzi wambiri kapena therere. Usiku lilime linkamatirira kumtunda. Anthu pamudzi anagamula msanga kuti ndi shuga, poti ludzu lotere n'la shuga basi. Anakayezetsa, shuga analibe. Nkhani inathera pomwepo, ndipo palibe mmodzi wa ife anaganizako za makapisozi.

Zina ndinazimva pambuyo pake. Kuti kuchimbudzi ankakhalitsa, atadzimbidwa masiku atatu. Kuti kwa zaka zingapo, mankhwalawa asanabwere n'komwe, ankadzuka katatu kapena kanayi usiku uliwonse kukataya madzi, ndipo ankatuluka pang'onopang'ono. Amayi ankadziwa, koma ankati ndi ukalamba, ndipo si nkhani yoti mwana wamkazi aimve.

Kenako Julaye anafika ndi chisanu chake cha ku Ntcheu. Abambo anagwidwa chimfine, chifuwa chinathina. Pampu yabuluu inali itatha ndipo sanauze munthu. Usiku akabanika ankaganiza ngati mmene munthu aliyense wanzeru angaganizire: ya kuno yatha, koma ya ku Joni ija ndiye yamphamvu zedi. Ankakoka kapisozi wachiwiri. Poona kuti sakumasuka, chifukwa tiotropium si wa changu chotero, ankakoka wachitatu. Pamwamba pa zimenezo ankamwa timapiritsi tachikasu ta chimfine togula pagolosale.

## Usiku wa Lachisanu

Ndinali kumudzi sabata imeneyo chifukwa cha chinkhoswe cha msuweni wanga. Cha m'ma 1 koloko usiku ndinadzidzimuka ndi kulira kwa chitseko. Ndinagonanso. Chinaliranso. Ulendo wachinayi ndinadzuka, n'kufunda chitenje, n'kutuluka ndi tochi ya pafoni.

Kunja kunali chisanu chobaya m'mafupa. Abambo anali pakati pa bwalo atafunda bulangete, akuyenda chowerama kuchokera kuchimbudzi. Atafika pafupi ndi khonde anatembenuka n'kubwereranso komweko. Amayi anaima pakhomo, manja atapinda pachifuwa, osayankhula.

"Bambo, ndi chifuwa?"

"Ayi, mayi. Kagoneni."

Ndinawaunika. Kupuma kwawo kunali kwa masiku onse, kolira pang'ono koma osati koopsa. Chimene chinandiopsa ndi thukuta. M'chisanu chonsecho nkhope yawo inali nyowe, ndipo dzanja limodzi linali pansi pa mchombo, mkati mwa bulangete. Ndinawatengera mpando. Anayesa kukhala, n'kudzambatuka ngati pampandopo pali moto.

"Amayi, chikuchitika n'chiyani?"

"Abambo ako anene okha."

"Bambo, ndiuzeni pakupweteka. Ndi m'mimba? Mwadya chiyani?"

Sanandiyang'ane. Anayang'ana kunkhokwe, kenako pansi. Bambo amene anandiphunzitsa kupalasa njinga, amene anagulitsa ng'ombe kuti ndipite kusekondale, anaima patsogolo panga akunjenjemera ndi ululu, ndipo mawu oti andiuze analibe. Ineyo ndinakwiya. Ndinakweza mawu, chinthu chimene sindinachitepo kwa iwo. Ndinati ine si mwana, ndili ndi ana angaanga, anene.

Anadikira ndimalize. Kenako motsitsa anati, "Kandidzutsireni alamu."

Ndinathamanga kudutsa m'munda wa mbatata kukagogoda kwa amalume. Anabwera atavala jekete pamwamba pa zogonera. Awiriwo anapita kuseri kwa nkhokwe. Ndinamva manong'onong'o, mwina kwa mphindi imodzi yokha. Amalume anatulukira akuyenda mofulumira.

"Peza njinga zamoto ziwiri. Madzi atsekeka. Kuyambira dzulo masana."

Ndinatsala pang'ono kufunsa kuti madzi ati. Kenako ndinamva, ndipo nkhope yanga inatentha mumdimamo.

Ulendo wa kuchipatala sindidzauiwala. Abambo anali pakati, wakabaza kutsogolo, amalume kumbuyo atawagwira. Ine ndinali panjinga yachiwiri. Msewu wathu ndi wa miyala ndi mabampu, ndipo pa bampu lililonse ndinkamva kubuula kwawo kupitirira phokoso la injini. Kawiri anaimitsa njinga, kutsika, kupita kutchire, n'kubwerako akupukusa mutu.

Kuchipatala tinapeza dokotala wachinyamata wa usiku, wocheperapo msinkhu kwa ine. Anangogwira pamimba pawo kamodzi n'kuitana anamwino. Anandipempha mwaulemu kuti ndidikire panja. Ndinakhala pabenchi yozizira, ndikumva kulira kwa zitsulo m'mbale. Kenako kunamveka mpweya wautali, wautali zedi, wa munthu amene watula katundu. Amalume anatuluka akupukuta kumaso.

"Awaika paipi. Thumba ladzaza, lapitirira lita. Apepukidwa." Anakhala pambali panga, n'kuwonjeza ngati akudziyankhulira okha, "Manyazi anapha lambe."

## Jumbo ya mankhwala

Dokotala anandiitana n'kufunsa mankhwala onse amene abambo akumwa. Mwamwayi amayi anali atandiponyera jumbo tikunyamuka. Ndinakhuthulira patebulo: kabuku ka kuchipatala, pampu yabuluu yopanda kanthu, timapiritsi tachikasu, kachipangizo kotuwa, ndi timapaketi ta makapisozi.

Anatola timapaketito n'kuyamba kuwerenga mabowo. Anafunsa tsiku limene bokosi limeneli linatsegulidwa. Ndinamuuza. Anawerenganso.

"Apa pakusowa makapisozi 9 opitirira pa masiku. Madala, mumakoka kangati?"

Abambo, ali chigonere pabedi, nkhope itabwerera mwakale, anayankha ngati mwana wasukulu wogwidwa. Anati sabata ino kawiri, mwina katatu.

Mnyamata uja sanakalipe. Anakoka mpando n'kundifotokozera, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza. Anati m'thupi muli uthenga umodzi umene mitsempha imatumiza kumalo angapo. Ukafika m'mapapo, timinofu tozungulira njira za mpweya timafinya. Ukafika m'kamwa, malovu amatuluka. Ukafika m'matumbo, chakudya chimayenda. Ukafika pachikhodzodzo, chimafinya kuti mkodzo utuluke. Ntchito ya tiotropium ndi kutsekereza uthenga umenewo m'mapapo kwa maola 24, kuti timinofu tija timasuke. Amapangidwa okoka ndi mpweya dala, kuti ambiri athere m'mapapomo. Koma pang'ono amalowabe m'magazi, ndipo kumene afika amachita zomwezo: malovu amachepa, matumbo amachita ulesi, chikhodzodzo chimafooka.

Kwa anthu ambiri, anatero, zimathera pa kuuma kukamwa basi. Koma mwamuna wachikulire amene prostate yake, kachiwalo kozungulira kanjira ka mkodzo pansi pa chikhodzodzo, yakula, kanjira ka mkodzo kamakhala kopanikizika kale, ndipo chikhodzodzo chimakankha movutikira. Ukachifooketsa pang'ono, chimagonja. Ananyamula timapiritsi tachikasu tija, nati dzina lake ndi chlorpheniramine, ndipo nato timafooketsa chikhodzodzo mwanjira yomweyo. Prostate, makapisozi atatu, timapiritsi ta chimfine: katundu yense anagwera pamalo amodzi.

"Nanga amene analemba mankhwalawa sanafunse za kukodza?"

Ndinayesa kukumbukira. Ndikuona ngati anafunsa. Ndikuona ngati anayang'ana abambo n'kufunsa m'Chingerezi ngati madzi amatuluka bwino, ine n'kumasulira mwachidule kuti "akuti kulibe vuto lina?", abambo n'kuyankha kuti kulibe. Ndinali womasulira wawo tsiku limenelo, ndipo funso lija ndinalifewetsa ndekha chifukwa pakamwa panga sipakanatha kulitchula mmene linalili.

## Pepala lija

Kukucha ndinali pabenchi pomwe paja, ndipo ndinatambasula pepala la m'bokosi. Lalitali ngati nsalu ya m'khosi, zilembo zake ting'onoting'ono, mbali imodzi Chingerezi, mbali ina Chibunu. Abambo amadziwa Chifanakalo cha kumigodi, koma chimenecho panalibe.

Zonse zinalimo. Osameza makapisozi. Osapitirira mmodzi pa tsiku. Si mankhwala a pamene wabanika mwadzidzidzi. Kuuma kukamwa, kudzimbidwa, kuvutika pokodza. Uzani dokotala ngati muli ndi vuto la prostate. Munalinso china chimene sindinkachidziwa n'komwe: ufawo usalowe m'maso, ndipo diso likayamba kupweteka, kufiira, kuona mwachimbuuzi kapena kuona timizere tozungulira nyali, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala a mtundu umenewu angadzutse glaucoma ina imene imachititsa khungu msanga. Ndinakumbukira adzukulu aja akuseweretsa kachipangizo, ndipo m'mimba munandizizira.

Poyamba ndinadziimba mlandu wa ulesi, woti ndikanangowerenga. Ndi zoona. Koma pabenchi paja ndinadzifunsa funso lina limene linandivuta kwambiri. Ndikanawerenga mu Meyi, ndikanatani nawo mzere wa prostate uja? Ndikanakhala pamkeka n'kufunsa abambo anga mmene amakodzera? Ndikudziwa kuti ayi. Ndikanaudumpha, n'kudziuza kuti zimenezo zimachitikira ena.

Sindikunyoza mwambo wathu. Ulemu umene unawatseka pakamwa usiku uja ndi womwewo umene ndinakuliramo, ndipo sindikufuna kuti ana anga akule opanda. Koma mwambo womwewo unaika anthu oyenera kufunsa mafunso amenewa. Amalume analipo nthawi yonseyi, nyumba yawo ikuoneka tili pakhonde pathu. Achimwene ali ndi foni. Ine ndinatenga udindo wonse wa mankhwala chifukwa ndine wophunzira wa m'banjamo, osaona kuti theka la udindowo sindingalikwanitse.

## Dzina limodzi, mapampu awiri

Paipi inakhala sabata ndi masiku angapo. Anawayeza prostate, n'kupeza kuti yakuladi, ndipo anawayambitsa mankhwala ake. Titabwerera kwa dokotala wa chifuwa, ulendo uno amalume anabwera nawo, ndipo mafunso ena atayamba ine ndinatuluka kukagula madzi akumwa amene sindinkawafuna.

Dokotala anati ambiri amene ali ndi prostate yokula amagwiritsabe tiotropium bwinobwino akamatsata muyezo, koma poti abambo anafika potsekeka, anasankha kuwasinthira ku banja lina la mankhwala ogwira nthawi yaitali. Awa satsekereza uthenga wofinya uja. Amakadina mbali ina, imene imauza timinofu kuti timasuke, mbali yomwe salbutamol amadina, kungoti awa amakhalitsa. Salmeterol ndi formoterol amagwira maola 12, choncho ndi a m'mawa ndi madzulo. Aliponso ena, monga indacaterol, a kamodzi pa tsiku. Abambo anawalembera formoterol, ma microgram 12 kawiri pa tsiku.

Nditamva dzinalo ndinatulutsa pampu yanga m'chikwama. Formoterol analembedwa pomwepo, pansi pa dzina lina, budesonide.

Zovuta za banja limeneli ndimazidziwa ndi thupi langa. Ndi abale ake a adrenaline, uja thupi limatulutsa munthu akachita mantha, choncho mtima ndi minofu ya m'manja nazo zimamva. Sabata yoyamba imene ndinayamba pampu yanga, choko chinkavina pabolodi, ana a Fomu 2 n'kumanong'onezana kuti amadamu ali ndi matsire. Mtima unkagunda ngati ndathamangira basi, mutu unkawawa masana, ndipo usiku wina katumba anakokana mpaka ndinakuwa. Zambiri zinachepa patapita masabata angapo. Budesonide nayenso ali ndi zake: ukapanda kuchukucha m'kamwa ukamaliza, mawu amasasa ndipo lilime limachita zoyerayera.

Ndinafunsa dokotala chifukwa chake abambo akupatsidwa formoterol yekha pamene ine anandiletseratu kutero. Anati matendawa ndi awiri. Pa mphumu gwero la vuto ndi kutupa kwa m'kati mwa njira za mpweya, ndipo chimene chimazimitsa kutupako ndi steroid wokoka ngati budesonide. Munthu wa mphumu akamakoka womasula yekha, amamva bwino pamene kutupa kukukulirakulira mobisika, mpaka tsiku limene chifuwa chidzatseke kotheratu. Ku America anachita kafukufuku wa anthu a mphumu oposa 26,000, amene anaimitsidwa mu 2003: mwa amene anawonjezeredwa salmeterol, 13 anamwalira ndi mphumu, pamene mwa amene anapatsidwa pampu yopanda mankhwala anamwalira 3. Ichi n'chifukwa chake masiku ano wa mphumu amapatsidwa awiriwa atasakanizidwa m'pampu imodzi, kuti asathe kukoka mmodzi n'kusiya mnzake. Pa COPD womasula yekha amaloledwa. Ndipo kwa munthu ngati abambo, amene anadwalapo TB, dokotala anati safulumira kuwonjeza steroid, chifukwa amakweza mpata wa chibayo ndiponso wa TB.

Izi zinandithandiza mwezi wotsatira. Mayi wina woyandikana nafe ali ndi mtsikana wa zaka 14 wa mphumu. Atamva kuti pakhomo pathu pali mankhwala a ku Joni, anabwera ndi mbale ya mtedza kudzapempha ochepa. Amayi, ndi mtima wawo wabwino uja, anali atatsegula kale kabati. Anangoti aimbe kaye kuti afunse ngati apereke akale kapena atsopano. Ndinakuwa pafoni mpaka aphunzitsi anzanga anatembenuka. Mtsikanayo tinamuthandiza ndalama ya kabaza kuti akaonedwe kuchipatala, ndipo mayi ake anakhumudwa nafe kwa masabata awiri.

## Mmene zilili pano

Ndinatenga pepala la m'kope n'kulemba m'Chichewa, ndi zilembo zikuluzikulu, n'kumata kuchikuto cha kabuku kawo ka kuchipatala. Yabuluu: mukabanika. Yatsopano ija: m'mawa kamodzi, madzulo kamodzi, ngakhale mukupeza bwino, osawonjeza. Yabuluu ikatsala pang'ono, nenani isanathe. Mtima ukathamanga osaleka, kapena pachifuwa pakapweteka, kuchipatala. Mapiritsi a pagolosale, funsani kaye. Mzere womaliza ndinausiya kuti alembe amalume, ndipo sindinauwerenge, ngakhale ndikudziwa kuti ulipo.

Lamlungu lililonse achimwene amaimbira abambo paokha. Zimene amakambirana sindizidziwa. Akamaliza amanditumizira kachala koloza m'mwamba, ine n'kupitiriza kuchonga makope.

Kachigubu ka madzi kaja anakasiya. M'malo mwake manja ndi amene amanjenjemera, makamaka m'mawa akangokoka. Amayi anasiya kuwadzazira kapu ya tiyi, amathira theka, akamaliza n'kuthiranso theka lina. Abambo amadandaula kuti akuwamana. Ulendo wathawu ndinawaperekeza kudimba, ndipo pobwerera anaima kawiri pa kachitunda kaja. Ulendo wachiwiriwo anatulutsa pampu yabuluu m'thumba la jekete lachikopa lija, anaikhutchumula, anapopa ine ndikuona, n'kundiuza kuti chimanga cha a kwa amalume chaka chino chachepa feteleza.